Ndani amazitsata za handicap pa Grand National?

Abale anga muli kuno ku UK ndithandizeni pang'ono, ndakhala ku Liverpool zaka zitatu tsopano koma za mahatchizi zikundizunguzabe mutu. Kuntchito April ikamafika timatola mayina a mahatchi m'chipewa, a mpikisano wa Grand National wa ku Aintree uja, ine ndimangotola basi osadziwa kanthu. Mu 2025 ndinatola I Am Maximus ndipo ndinavina ndithu poti ndi imene inawina 2024, koma mnzanga wina anangoseka nkuti aise imeneyo ayisenzetsa 11st 12lb, pafupifupi makilo 75, siifika. Mapeto ake inakhala yachiwiri, Nick Rockett nkuwina, zonse ziwiri zophunzitsidwa ndi Willie Mullins.

Ndiye funso langa nali. Akuti pa handicap hatchi yamphamvu amaionjezera katundu kuti zonse zipikisane mofanana, chabwino ndamva, nanga inu mumasankha bwanji pamenepo? Mtunda wopitirira mamailosi 4, kudumpha mipanda ka 30, mipanda ya Becher's Brook ndi The Chair ili momwemo, chofunika kwambiri nchani, katundu wopepuka kapena hatchi yozolowera mipanda imeneyo? Chifukwa Red Rum inawina 1974 itasenza 12st yathunthu, pafupifupi makilo 76, ndiye kulemerako kumagwiradi ntchito? Komanso tizilembo tija amalemba pambali pa dzina la hatchi, F ndinamva kuti inagwa, nanga P ndi U? Mvula ikagwa pansi nkuchita matope mumayang'ana chani?

Sikuti ndikufuna kubetcha ndalama ya lendi ayi, ndatopa nako kungokhala duu anzanga akamakambirana pa nkhomaliro.