LPC yakwera mwa odwala onse: ndi shuga kapena ndi ulendo?

Wa labu, Mangochi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tinatenga magazi a odwala shuga ndi a anthu abwinobwino, plasma (madzi a magazi otsala maselo akachotsedwa) n'kutumiza kunja kuti akayeze mafuta ake pa mass spectrometry, makina ozindikira mamolekyu poyeza kulemera kwake. Zotsatira zabwera, LPC (lysophosphatidylcholine, mtundu wina wa mafuta a m'magazi) yakwera mwa odwala. Abwana akondwa, akuti tapeza chizindikiro cha matenda. Ine mtima sukukhazikika. Odwalawo tinawatengera magazi kuchipatala chaching'ono cha kunyanja, abwinobwinowo pompano.

Mayi wa ku Zomba: Achimwene, kuchokera pa mkono kufika mu centrifuge, makina ozungulitsa magazi kuti plasma ipatuke, panadutsa maola angati?

Wa labu, Mangochi: Asanu, amayi. Panjinga yamoto, mu Okutobala, ayisi anasungunukira m'njira.

Mayi wa ku Zomba: Ndiye mwayeza dzuwa la Mangochi, osati shuga. Magazi akakhala m'chubu ma enzyme sagona, amapitiriza kudula kachidutswa kamodzi (fatty acid) pa mafuta otchedwa phosphatidylcholine, chotsalacho ndiye LPC. Kukatentha amadula mwachangu. Makina a mass spectrometry aja sanama, amangoyeza kulemera kwa mamolekyu amene mwawapatsa, sadziwa kuti anapangidwira m'thupi kapena pamsewu. Komanso pa shuga mtundu wa LPC wotchedwa 18:2 kawirikawiri umatsika. Yanuyo yakwera, apo pomwe mukanadabwa.

Mnyamata wa ku Blantyre: Onaninso DHA, mafuta amene amapezeka kwambiri mu nsomba. Wodya usipa tsiku lililonse sangafanane ndi wa m'tauni. Ndipo anadya liti? Mafuta a m'magazi otchedwa triglyceride amakwera munthu akangodya, n'chifukwa chake timati agone ndi njala maola 8 mpaka 12. Kwanuko Ramadan ikafika, nthawi yodyera imatembenuka, muzilemba.

Wa labu, Mangochi: Za chakudya sitinafunse n'komwe. Nanga abwana ndiwauze bwanji?

Mkulu wopuma pantchito: Mwana wanga, usakatsutsane nawo pakamwa. Tenga magazi a munthu mmodzi, ugawe m'machubu anayi a EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana. Loyamba lizungulitse mu centrifuge pomwepo, enawo uwasiye patebulo ola limodzi, maola atatu, maola asanu usanawazungulitse. Tumiza onse limodzi. LPC ikamakwera ndi nthawi mwa munthu yemweyo, abwana aziwerengera okha. Nthawi ina centrifuge ipite kunyanjako, plasma ugawe m'timachubu ting'onoting'ono kuti usamasungunule kawiri, isungidwe pa madigiri -80, poitumiza ikhale pa dry ice, ayisi wouma wozizira kwambiri.

Wa labu, Mangochi: Zikomo bambo. Firiji yathu ndi ya -20, ndiye ndipempha malo kwa anzathu. Machubu anayiwo ndiyamba Lolemba, mkono ukhala wanga womwe.