Buku la rabi lonena za ndalama: ndigule kapena ndisiye?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndithandizeni nzeru. Pali buku limene anthu akulitama kwambiri, Thou Shall Prosper, lolembedwa ndi Rabi Daniel Lapin, mphunzitsi wa chipembedzo cha Ayuda. Akuti muli malamulo khumi opezera ndalama, otengedwa m'chiphunzitso cha Ayuda. Mlamu wanga angathe kundigulira ku Joni, koma mtengo wake tikausintha m'makwacha ukukwana katoni yathunthu ya sopo wa m'golosale mwanga. Alipo analiwerengapo? Ndigule kapena ndisiye?

A Mbewe: Ine ndinaliwerenga, mayi, ndipo ndili nalo. Linatuluka mu 2002, ndipo mlembi wake anabadwira konkuno ku Johannesburg asanapite kukakhala ku America. Gulani. Chimene chinandikhudza ndi mfundo yoyamba, yoti malonda ndi ntchito yaulemu pamaso pa Mulungu. Munthu akakupatsa ndalama yake mosakakamizidwa, ndiye kuti wamuthandiza pa chimene amasowa. Ife ambiri tinakula tikumva kuti wolemera aliyense anakhwimira kapena anabera wina, ndiye umagulitsa uku mtima ukukutsutsa. Amanenanso zodziwana ndi anthu ambiri, zopereka chakhumi, ndi zoti munthu asasiye ntchito chifukwa choti wakalamba.

Nachisale: Ine sindinaliwerenge, koma chimandiwawa ndi katsatsidwe ka mabuku amtunduwu. Ogulitsa amati bwerani mudziwe chinsinsi chimene Ayuda amalemerera, ngati kuti Myuda aliyense ndi mpondamatiki. Si zoona, ndipo kalankhulidwe kameneka kanaphetsa anthu. Kale ku Ulaya, m'madera ambiri Ayuda sankaloledwa kukhala ndi minda kapena kulowa m'mabungwe a amisiri, pomwe Mpingo unkaletsa Akhristu kukongozana ndi chiwongoladzanja. Ena mwa iwo anakankhidwira ku ntchito yobwereketsa ndalama, kenako n'kumadedwa chifukwa cha ntchito yomweyo. Ku York, ku England, mu 1190, Ayuda a mumzindamo ataphedwa, amene anali ndi ngongole anathamangira kutchalitchi chachikulu kukawotcha makalata a ngongolezo. Mu 1290 mfumu Edward I inawapirikitsa onse m'dzikomo. Ayuda amene anasamukira ku New York cha m'ma 1900 ambiri anali amphawi osoka zovala m'mafakitale. Pa moto wa pafakitale ya Triangle mu 1911 panafa anthu 146, ambiri mwa iwo atsikana achiyuda ndi achitaliyana. Chinsinsi chake chinali kuti pamenepo?

A Mbewe: Mukunenazo n'zoona, achemwali, koma musamuweruze mlembiyu ndi mawu a ogulitsa. Iye mwini amakana zoti Ayuda amapeza bwino chifukwa chobera anthu kapena chifukwa chokonderana mobisa. Amati nkhani ndi chiphunzitso, ndipo aliyense angathe kuchitsata.

Nachisale: Ngati ndi chiphunzitso, tipite kumene chimachokera. Tilipiriranji katoni ya sopo?

Aphunzitsi a Nyirenda: Ndilowepo pang'ono, ana anga, poti nkhaniyi ndimaikonda. Ndinabwerekapo bukuli, ndipo si loipa. Koma amene akufuna kudziwa zimene Ayuda amaphunzitsa pa malonda adzadabwa kuti zambiri sizinena za kapezedwe ka ndalama. Zimanena za m'mene ungagulitsire popanda kumubera mnzako.

Tengani Mishnah, malamulo amene aphunzitsi awo achipembedzo anasonkhanitsa cha m'ma 200 AD. Mmenemo muli lamulo loti mwini golosale azitsuka miyezo yake kawiri pa sabata, azipukuta miyala ya sikelo kamodzi pa sabata, ndipo mbale za sikelo azizipukuta akatha kuyeza chilichonse. Chifukwa chake n'chapafupi: mafuta kapena uchi ukakakamira pansi pa muyezo, wogula amalipira zodzaza koma amapita ndi zoperewera. Muli lamulo loletsa kupenta chiwiya chakale kuti chioneke chatsopano, ndi loletsa kuika zabwino pamwamba zoipa n'kuzibisa pansi. Mtengo ukapitirira wa pamsika ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, wogula ali ndi ufulu wobweza katunduyo. Wogulanso ali ndi lake: asafunse mtengo pomwe alibe cholinga chogula, chifukwa akuika wogulitsa m'chiyembekezo chabodza.

Ndipo mu Talmud, mabuku a zokambirana za aphunzitsi awo pa Mishnah, mphunzitsi wina dzina lake Rava anaphunzitsa kuti munthu akafika pa chiweruzo, funso loyamba n'lakuti kodi unkachita malonda mokhulupirika? Za kuwerenga malemba zimabwera pambuyo pake.

Bambo a Yamikani: Aphunzitsi, zimenezo zandifika pamtima chifukwa ine ndimagula mbewu kwa alimi. Nyengo yokolola mukayenda m'misika yakumudzi mudzaona ndowa ziwiri pa venda mmodzi. Yogulira anaifewetsa ndi moto n'kuitukumula m'mbali, yogulitsira anaiphwanyira mkati kunsi. Mayi wasenza soya kuchokera kutali, thumba lake akulidziwa bwino kulemera kwake, koma sikelo ikunena zina, ndipo sangabwerere nalo poti kunyumba mwana wabwezedwa kusukulu. Ndiye mukuti zimenezi zinalembedwa kale?

Aphunzitsi a Nyirenda: Zili m'Baibulo lomwe muli nalo m'nyumbamo. Deuteronomo 25, kuyambira ndime 13, amaletsa kukhala ndi miyala iwiri yoyezera m'thumba, waukulu ndi waung'ono, kapena miyezo iwiri m'nyumba. Levitiko 19:13 amati malipiro a waganyu asagone kwa iwe mpaka m'mawa. Chimene Ayuda anachita n'chakuti sanazisiye ngati mawu a paguwa. Anakhala pansi zaka mazanamazana n'kumafunsana kuti lamuloli litanthauzanji kwa wogulitsa mafuta, kwa wonyamula katundu, kwa wobwereketsa bulu. Anafika pokangana ngati n'kololedwa kuti mwini golosale azipatsa ana mtedza ndi tirigu wokazinga kuti azolowere kubwera kwa iye. Rabi Yehuda analetsa, anzake analola.

Mayi a Tadala: Ndiye maswiti amene ndimapatsa ana otumidwa aja anakambidwa kale! Ndakondwa kuti ambiri analola. Koma ndifunse mosabisa: kutsata zimenezi kumalemeretsa?

A Mbewe: Kumalemeretsa, mayi. Kasitomala amene sunamubere amabweranso, ndipo amabweretsa mnzake. Ndi zimene bukuli limatsindika.

Nachisale: Nthawi zina, a Mbewe, osati nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi mabuku olonjeza chuma. Mu Disembala 1995 fakitale ya nsalu ya Malden Mills, ku Massachusetts, inapsa. Mwini wake, Aaron Feuerstein, anali Myuda wopembedza kwambiri. Akanatha kutenga ndalama ya inshulansi n'kutseka, koma anapitiriza kulipira antchito pafupifupi 3,000 kwa miyezi ingapo makina ali chiimire, n'kumanganso fakitaleyo pamalo pomwepo. Pofika 2001 kampaniyo inagwa ndi ngongole, ndipo pambuyo pake inachoka m'manja mwake. Ine ndimamulemekeza bambo ameneyu kuposa onse olemba mabuku a chuma. Anachita chabwino chifukwa ndi chabwino, ndipo chinamudyera chuma. Amene akugula buku kuti chilungamo chimubweretsere phindu, tsiku limene chilungamocho chidzamuluzitse adzachitaya.

A Mbewe: Ya Feuerstein sindingatsutse. Koma musaiwale kuti ena a ife timafunika wotiuza kaye kuti kufuna phindu si tchimo. Kwa ine bukuli linachita zimenezo. Ndinayamba kuwerengetsa ndalama zanga mopanda manyazi, ndi kupereka chakhumi mwadongosolo.

Bambo a Yamikani: Nanga za ngongole amati chiyani? Poti kuno katapira watimaliza.

Aphunzitsi a Nyirenda: Levitiko 25 amaletsa kulandira chiwongoladzanja kwa m'bale wako amene wasauka. Maimonides, mphunzitsi wamkulu wa Ayuda amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anandandalika magawo asanu ndi atatu a kuthandiza osauka, ndipo lapamwamba kwambiri ndi kumubwereka munthu mpamba, kulowa naye m'bizinesi, kapena kumupezera ntchito kuti asadzapemphenso. N'chifukwa chake m'madera ambiri a Ayuda muli thumba lobwereketsa popanda chiwongoladzanja. Ku New York kuli Hebrew Free Loan Society, imene inayamba mu 1892 ndipo ikugwirabe ntchito. Ngati pali chimene chinakweza mabanja ambiri osauka, ine ndingaloze zinthu ngati zimenezi, kuphatikizapo sukulu. Talmud imayamikira Yehoshua ben Gamla, mkulu wa ansembe wakale, chifukwa cholamula kuti m'tauni iliyonse mukhale aphunzitsi a ana oyambira zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Rabi Yehuda anafika ponena kuti bambo amene saphunzitsa mwana wake ntchito yamanja akumuphunzitsa umbava.

Pa kasungidwe ka chuma, Rabi Yitzhak anati munthu azigawa ndalama zake patatu: gawo lina m'minda, lina m'malonda, lina likhale pafupi m'manja.

Bambo a Yamikani: Gawo la m'manjalo ndiye kuno n'lovuta. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasunga ndalama anagona ndi mpamba n'kudzuka ndi wosakwana kuodera katundu yemwe uja. Ine lachitatulo ndimaliika m'mbuzi, zoti ndingathe kugulitsa tsiku lomwelo vuto likagwa. Koma za thumba lopanda chiwongoladzanja zija tizikambe ku banki mkhonde kwathu. Timadulana chiwongoladzanja chokwera mwezi ndi mwezi ngakhale kwa mnzathu amene wabwereka chifukwa cha matenda.

Nachisale: Ndipo zimene aphunzitsi atchulazi zilipo zaulere pa intaneti. Pa Sefaria pali Mishnah ndi Talmud zomasuliridwa m'Chingerezi. Bandulo yochepa ikukwanirani.

A Mbewe: Zaulere inde, koma Talmud si yoti munthu wotopa ndi golosale angaitsegule usiku n'kuimva. Buku la Lapin n'losavuta kutsatira, ngakhale zitsanzo zake zambiri ndi za ku America.

Mayi a Tadala: Ndamva mbali zonse, zikomo. Ndalamayi ndiodera sopo. A Mbewe, mukamabwera pa Khirisimasi mudzanditengere lanulo ndidzabwereke, ndikadzalikonda ndidzagula langa. Aphunzitsi, munditumizire malo enieni amene pali lamulo la sikelo ndi la mtengo wopitirira lija, ndikufuna ndikawerenge ndi mtsikana amene amandithandiza kugulitsa.

Aphunzitsi a Nyirenda: Onsewo ali m'zigawo za Mishnah. La sikelo lili mu Bava Batra mutu 5, la mtengo ndi la kupenta ziwiya lili mu Bava Metzia mutu 4. Muyambe ndi mutu 4, mayi, ndi umene ukukhudza golosale yanu kwambiri.

A Mbewe: Ndidzabwera nalo. Bambo a Yamikani akhale achiwiri pamzere, koma adzatiuze zimene a banki mkhonde adzayankhe.