Kodi mtengo wa Khirisimasi unachokeradi ku chikunja?

Mayi wa ku Zomba:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munawerenga mbiri yakale. Alamu anga akaniza ana kukongoletsa mtengo wa Khirisimasi chaka chino, ponena kuti mwambowu unayamba ndi anthu a ku Ulaya amene ankapembedza mitengo, ndipo andiwerengera Yeremiya 10:2-4, mavesi onena za kudula mtengo m'nkhalango n'kuukongoletsa ndi siliva ndi golide, ngati umboni. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi mphekesera chabe?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, alamu anuwo aphatikiza zinthu ziwiri zimene zatalikirana zaka zoposa 1,000. N'zoona kuti Aroma ankakongoletsa nyumba ndi nthambi zobiriwira pa zikondwerero zawo, ndipo chikondwerero chawo chachikulu cha Saturnalia chinkayamba pa 17 Disembala. Cha m'ma 200, Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage, anadzudzula Akhristu amene ankapachika nthambi ndi kuyatsa nyale pamakomo monga ankachitira akunja. Komabe izi zinali nthambi zapakhomo, osati mtengo woimikidwa m'nyumba. Mtengo wokongoletsedwa umayamba kuoneka m'zolembedwa za m'madera olankhula Chijeremani, makamaka ku Alsace (dera limene lero lili m'dziko la France), pakati pa anthu amene anali Akhristu kalekale. Mabuku a ndalama a mzinda wa Sélestat a 1521 amatchula malipiro a alonda oteteza mitengo m'nkhalango nyengo ya Khirisimasi, ndipo cholembedwa cha 1605 chimafotokoza kuti ku Strasbourg ankaimika mitengo m'zipinda n'kupachikapo maluwa apepala, maapozi ndi zotsekemera. Ambiri amati maapoziwo anachokera ku masewero a Adamu ndi Hava amene ankachitika pa 24 Disembala, momwe munkakhala mtengo woimira wa m'munda wa Edeni.

Wokonda Mbiri:
Aphunzitsi, zaka mwatchulazo sindikuzitsutsa, koma ndikuona kuti mwachepetsa mphamvu ya miyambo yakale. Mitundu ya kumpoto kwa Ulaya inkalemekezadi mitengo, n'chifukwa chake mmishonale wina dzina lake Boniface anadula mtengo waukulu wa thundu wa mulungu Donar pafupi ndi Geismar ku Germany cha m'ma 723. Ife kuno Disembala ndi mwezi wa mvula, chimanga chili kumunda ndipo paliponse pali biriwiri, choncho n'zovuta kumvetsa chimene mtengo wosayoyola masamba unkatanthauza kwa munthu amene dziko lake lonse lakutidwa ndi chisanu, dzuwa likulowa msanga. Maganizo oti mtengo wotere ukuimira moyo sanathe tsiku limene anthuwo anabatizidwa.

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo, mfundo yanu ya nyengo ndaimva, koma kufanana si ubale. Amene analemba moyo wa Boniface poyamba anangoti matabwa a thunduyo anamangira tchalitchi. Nkhani yoti iye analoza kamtengo kobiriwira n'kuuza anthu kuti akatenge m'malo mwake inawonjezedwa pambuyo pake, monganso ija yoti Martin Luther ndiye anayamba kuika makandulo pa mtengo wa Khirisimasi. Chimene chinafalitsa mwambowu kwa Angerezi si ansembe achikunja ayi, koma chithunzi cha 1848 cha Mfumukazi Victoria ndi Albert, mwamuna wake wochokera ku Germany, ataima ndi ana awo pambali pa mtengo ku Windsor.

Mkulu wa Mpingo:
Ine ndiyankhapo za Yeremiya zokha. Mayi, pemphani alamu anu kuti apitirize kuwerenga mpaka vesi 5, pamene mneneriyo akunena kuti zinthuzo sizilankhula ndipo zimachita kunyamulidwa chifukwa sizingathe kuyenda. Iye akunena za mmisiri amene amadula mtengo, n'kusema fano, n'kulikuta ndi siliva ndi golide kuti anthu aligwadire. Ngati alamuwo akukana mtengowo chifukwa ukuchotsa maganizo a ana pa kubadwa kwa Yesu, ali ndi anzawo akale, pakuti mlaliki wina wa Chilutera ku Strasbourg komweko, Johann Conrad Dannhauer, anadandaula zomwezo m'zaka za m'ma 1640, ponena kuti ndi masewera a ana.