Akuti mwana wanga ali ndi Down syndrome, ndiyambire pati?

Admin chonde mundibisire dzina, abale a amuna anga ali pagulu pomwe pano.

Ndili ndi zaka 26, mwanayu ndi wachiwiri, wamkazi, ali ndi miyezi isanu. Chibadwireni ndi wofewa thupi lonse, ukamunyamula amangoti lende, khosi mpaka lero silinakhwime. Kalilime kamakonda kukhala panja. Koma chikundisowetsa tulo ndi kayamwidwe kake. Amayamwa pang'ono n'kusiya, kupuma wefuwefu, thukuta kamukamu pamphumi ngakhale m'mawa kukuzizira. Kusikelo kawiri konse mzere wa m'kabuku sunakwere.

Sabata yatha adokotala anamuyang'ana maso, kenako anatambasula kachikhatho n'kundionetsa mzere umodzi wodutsa pakati, ndi mpata waukulu pakati pa chala chachikulu cha kuphazi ndi chinzake. Anati ndi Down syndrome, n'kundilembera kalata yoti akaunike mtima kuchipatala chachikulu. Pamzere panali anthu ambiri, sindinafunse kalikonse, ndinakalirira m'minibasi.

Kunyumba apongozi akuti ndi tsempho, ena akuti ndi jakisoni wolera amene ndinkabayitsa. Akufuna Loweruka tipite kwa asing'anga akamuteme mphini. Ndalama yomwe ilipo ndi ya ulendo umodzi basi. Kodi ndinalakwa ndine? Nanga adzayenda, adzayankhula? Amene munadutsamo ndithandizeni.

Nachisale: Pepani mayi. Koma ine ndinkamva kuti zimenezi zimagwera obereka atakula, nanga inu 26 zatheka bwanji?

Namwino wa ana: A Nachisale, n'zoona kuti mpata umakula mayi akapitirira zaka 35, koma ana ambiri otere amabadwa kwa amayi achitsikana, chifukwa ndiwo amabereka kwambiri. Mayi a mwana, mverani. Munthu amakhala ndi ma chromosome (tinthu ting'onoting'ono tonyamula malangizo a kapangidwe ka thupi) 46 m'maselo mwake, okhala awiriawiri, 23 ochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Mwana wa Down ali ndi 47, chifukwa pa nambala 21 pamakhala atatu m'malo mwa awiri. Zimachitika pomwe mimba ikukhala kumene, inu musanadziwe n'komwe kuti ndinu oyembekezera. Si jakisoni, si chakudya, si kuti wina anayenda njira yolakwika. Padziko lonse, mwa ana pafupifupi 1,000 obadwa, mmodzi amakhala wotero, kwa azungu ndi kwa ife chimodzimodzi.

Ndalama ija ipite ku mtima, musazengereze. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi vuto la mtima, nthawi zambiri bowo pakati pa zipinda zake. Thukuta poyamwa, kubanika ndi kusakwera sikelo ndi zomwe ife timaziopa. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amaunika mtima wa ana ndi makina otchedwa echo, sizipweteka, amangopaka mafuta pachifuwa ngati sikani ya mimba ija. Mabowo ena ang'ono amatsekeka okha, ena amafuna mankhwala ochepetsa madzi m'mapapo, ena opaleshoni, ndipo opaleshoniyo imayenda bwino mwana akadali wamng'ono mapapo asanawonongeke. Mukapita, pemphaninso amuyeze magazi a chithokomiro, poti chikamagwira ntchito mofooka mwana amachedwa kukula koma mankhwala ake alipo. Makutu ndi maso aziunikidwanso nthawi ndi nthawi.

Pakadali pano muziyamwitsa pafupipafupi, pang'onopang'ono, atakhala chotsamira mutagwiriziza kachibwano. Akatopa, finyirani mkaka m'kapu yoyera muzimumwetsa. Mukaona milomo ikuda kapena nthiti zikulowa m'kati popuma, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.

Che Mbewe: Tiziyika zonse m'manja mwa Chauta, palibe chomulaka.

Nangondo: Amen a Mbewe, koma kalata yakuchipatala ili m'manja, apemphere ali m'basi.

Mayi wa mnyamata wa zaka 9: Mchemwali, ndawerenga ndikugwetsa misozi chifukwa ndi ine ndendende 2016. Wanga anakhala pansi yekha ali ndi miyezi 11, anayenda atakwanitsa zaka ziwiri ndi theka. Anzake onse a pamudzi anali atayamba kale kuthamanga, anthu n'kumandifunsa pachitsime ngati ndinakhwimira bizinesi ya amuna anga. Kufizo anandiphunzitsa kumugoneka chafufumimba pamphasa n'kuyika chigubu chamiyala kutsogolo kuti adzutse mutu, tsiku lililonse ndikamaliza kutsuka mbale. Lero ali kusukulu, amayankhula ngakhale mawu ena amameza, amadzisambitsa yekha, ndipo akamva ng'oma yakwaya simungamugwire. Chifuwa ndi chimfine ndiye zimamukonda, katemera musaphonye ngakhale mmodzi. Za mphini, ine ndinalola chifukwa choopa apongozi, mabala anatukusira, tinagonera m'chipatala masiku anayi. Funsaninso za PODCAM, bungwe la makolo a ana olumala, kucheza ndi anzako odziwa zimenezi kumapepuza mtima.

Bambo wa ana atatu: Amuna anu akuti bwanji pankhaniyi? Mayi awo angawamvere iwowo kuposa inu. Apite nawo kuchipatala akadzimvere okha, asamangolandira lipoti.

Wolemba: Zikomo nonse. Bambo ake ndawawerengetsa zomwe alemba anamwino, akhala chete nthawi yaitali kenako anati Lachinayi tinyamuka limodzi m'mamawa. Apongozi sitinawauzebe. Anamwino, kodi ku echo mwana amafunika apite osayamwa, kapena ndimuyamwitse monga mwa masiku onse?

Namwino wa ana: Muyamwitseni, akakhuta ndi pomwe amagona phee makina n'kuona bwino. Musaiwale kabuku ka kusikelo ndi kalata ija.