Kodi chikhululukiro cha akaidi chikuthetsadi kuthithikana m'ndende za Zimbabwe?

Nabanda, Mufakose

Ndikupereka moni kwa abale nonse. Mwana wa mchimwene wanga ali pa rimandi pa mlandu womuganizira kuti anaba foni, ndipo nthawi iliyonse akapita kukhoti amangopatsidwa tsiku lina lobwererako. Mu May 2023 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anakhululukira akaidi oposa 4,000, ndipo mu April 2024 anakhululukiranso ena ochuluka chimodzimodzi, koma ife amene timakazonda abale timamvabe kuti malo ogona ndi ochepa. Ndikufuna kumvetsa chifukwa chimene chikhululukirochi chimafikira anthu amene khoti linawapeza olakwa, n'kusiya amene mlandu wawo sunazengedwe n'komwe. Ndikufunanso kudziwa ngati chimathandizadi, komanso chimene banja lingachite m'malo mongodikira.

Phiri, Dzivarasekwa

Mayi Nabanda, pepani ndi zimene banja lanu likukumana nazo. Pa zikhululukiro ngati zimenezi Pulezidenti amachotsa kapena kuchepetsa chilango chimene khoti linapereka kale, choncho munthu wa pa rimandi, amene pamaso pa lamulo ndi wosalakwa, alibe chilango choti achotseredwe. Zotsatira zake n'zowawa, chifukwa munthu amene anavomera mlandu wakuba angathe kutuluka msanga kuposa mnzake amene akuukana ndipo akudikira kuti mboni zibwere.

Ndende zonse za dziko lino zinamangidwa kuti zisunge anthu pafupifupi 17,000, koma kwa zaka zambiri zakhala zikusunga oposa 20,000. Chikhululukiro chikalengezedwa chiwerengerochi chimatsika, ndipo pakapita miyezi chimakweranso, popeza apolisi ndi makhoti amapitiriza kutumiza anthu monga kale. Zili ngati kukapa madzi m'nyumba yodontha osakonza denga. Kuthithikana kumabweretsa njala ndi matenda monga chifuwa chachikulu, ndipo ambiri a ife tikukumbukira chipolowe cha mu March 2015 ku ndende ya Chikurubi, chimene chinayamba chifukwa cha chakudya ndipo akaidi ena anafa.

Chimene chingathandize mnyamata wanu chili m'malamulo oyendetsera dziko a 2013, gawo 50. Gawoli likunena kuti munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti atulutsidwe podikira mlandu pokhapokha pali zifukwa zamphamvu zomusungira. Likunenanso kuti amene wasungidwa podikira mlandu koma sanazengedwe m'nthawi yoyenera ayenera kutulutsidwa. Belo si chifundo cha majisitireti ayi, ndi ufulu, ndipo ndi mbali ya boma imene iyenera kufotokoza chifukwa chokanira. Pitani ku Legal Aid Directorate, imene imapereka maloya kwa anthu osauka, mukafunse ngati pempho la belo linaperekedwa. Ngati linakanidwa, mungathe kuchita apilo ku High Court, kapena kupemphanso pamene zinthu zasintha, ndipo kuchedwa kwa mlandu kungaperekedwe ngati chimodzi mwa zosinthazo.

Sindikunena kuti palibe chimene chasintha. Mu 2016 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula pa mlandu wa Makoni kuti kutsekera munthu moyo wake wonse popanda mwayi woti nkhani yake idzaunikidwenso n'kosemphana ndi malamulo. Mu 2023 kunabwera lamulo latsopano la ndende lokhala ndi ndondomeko ya parole, yotulutsa mkaidi chilango chake chisanathe bola atsatire malamulo amene wapatsidwa. Pa 31 December 2024 chilango cha imfa chinathetsedwa, potsatira bilu imene anabweretsa phungu wa kwathu kuno ku Dzivarasekwa, a Edwin Mushoriwa, patapita zaka zambiri chinyongereni munthu womaliza mu 2005. Zonsezi ndi zazikulu, koma zikukhudza anthu oweruzidwa kale, ndipo wa pa rimandi sapindula nazo.

Mbewe, Mbare

Ndikugwirizana ndi a Phiri pa nkhani ya belo, koma ndikupempha kuti tisaiwale anthu oberedwa. Ine ndimagulitsa katundu pamsika, ndipo chikhululukiro chikalengezedwa amalonda ambiri amada nkhawa, chifukwa munthu amatuluka alibe ndalama, alibe ntchito, nthawi zina ngakhale chiphaso alibe, ndipo achibale safuna kumulandira. Munthu wotere sachedwa kubwerera ku zimene zinamumangitsa. Mu 2023 anthu anadandaulanso kwambiri atamva kuti ena mwa otulutsidwa anali omangidwa pa milandu yogwirira, ndipo madandaulo amenewo anali omveka.

Pa milandu ing'onoing'ono, ine ndikadakonda kuti wakuba abweze chimene anaba ndi kugwira ntchito yothandiza anthu pachipatala kapena pasukulu akugona kwawo. Njira imeneyi si yachilendo, popeza Zimbabwe inayamba kuigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1997 mayiko a mu Africa anakumana ku Kadoma kudzakambirana za iyo. Woberedwa amapindula katundu wake akabwezedwa, pomwe kutsekera wakubayo miyezi ingapo sikumubwezera kanthu.

Nangondo, Mabvuku

Bambo Mbewe, mfundo yanu yokonzekeretsa munthu asanatuluke ndi yoona, ndipo ndi chifukwa chake ndende zotseguka monga Connemara, komanso ya amayi ya ku Marondera imene inatsegulidwa mu 2021, zili zofunika. Kumeneko mkaidi amagwira ntchito, amaloledwa kukacheza kwawo masiku angapo, ndipo tsiku lotuluka likafika sakhala mlendo m'banja lake. Vuto ndi lakuti zimalandira anthu ochepa.

Komabe ndikufuna kubwerera ku funso la mayi Nabanda, chifukwa pa nkhani ya rimandi kumudzi kwathu ku Malawi kuli chinthu chimene tingaphunzirepo. Ndende za ku Malawi monga Maula, Chichiri ndi Zomba nazonso n'zodzaza, moti mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana koteroko ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo a dzikolo. Koma kuyambira mu 2000 kuli bungwe la Paralegal Advisory Service, limene anthu ake, ngakhale si maloya, amalowa m'ndende kawirikawiri, kuphunzitsa a pa rimandi mmene angapemphere belo okha, kufufuza mafayilo oiwalika ndi kulondola achibale oti aimire munthu. Kulinso makhoti oyendera m'ndende, pamene majisitireti amapita komweko kukaunika anthu amene akhalitsa osaweruzidwa. Ntchito yotere ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi kumanga ndende yatsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti ikadachitika mwezi ndi mwezi muno mu Harare, ikadachepetsa anthu kuposa chikhululukiro chobwera mwa apo ndi apo.

Pali mbali ina imene ikukhudza ife makamaka. Popereka belo khoti limafuna kudziwa kumene munthu amakhala ndiponso ngati sangathawe. Ana ndi adzukulu a anthu amene anabwera kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ambiri anakula opanda zikalata zokwanira, ndipo ena amachita lendi chipinda popanda pepala lililonse. Munthu wotere amaoneka ngati wosadziwika kwawo, ngakhale anabadwira ku Mabvuku konkuno. Palinso abale ochokera kumudzi amene amagwidwa panjira yopita ku South Africa alibe mapepala, n'kukhala m'ndende nthawi yaitali akudikira kubwezedwa kwawo. Ameneŵa ayenera kudziwa kuti Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo wozengedwa mlandu ali ndi ufulu womasuliridwa zonse m'chilankhulo chimene akumva.

Nabanda, Mufakose

Zikomo kwambiri nonse. Mnyamatayu ali ndi chiphaso, koma amakhala ndi ine m'nyumba ya lendi. A Phiri, kodi zimenezi zingalepheretse belo?

Phiri, Dzivarasekwa

Siziyenera kulepheretsa, mayi, chifukwa anthu ambiri muno mu Harare amakhala m'nyumba za lendi. Tsiku la khoti mupite nokha ndi chiphaso chanu, kalata ya mwininyumba yotsimikiza kuti mumakhala pamenepo, ndi pepala lililonse lokhala ndi adiresi yanu. Muuze loya kuti ndinu wokonzeka kumusunga mnyamatayo ndi kuonetsetsa kuti akukaonekera kupolisi masiku amene khoti lilamule. Mulembenso masiku onse amene mlandu unaimitsidwa pamodzi ndi chifukwa chimene chinaperekedwa, popeza loya adzafuna mndandanda umenewu podandaula za kuchedwa kwa mlandu.