Khansa ya prostate: PSA yakwera pambuyo pa radiation, abale akuti makina sanagwire

CO (Clinical Officer) wa ku Matero, Lusaka: Anzanga thandizeni mutu wandiwira. Ndili ndi adala a zaka 68, a khansa ya prostate, anamaliza radiation ya 60 Gy (mulingo wa radiation) mu 20 fractions (maulendo 20) chaka chatha, Zoladex (jekeseni yotsitsa testosterone) anasiya miyezi 6 yapitayo, PSA (choyeza m'magazi potsatira khansayi) inatsika mpaka 0.3, ndiyo nadir yawo, manje yabwera 1.1. Mwana wawo wabwera ndi mapepala onse mu pulasitiki akulalata ati makina sanaphe khansa munangowotcha atate chabe, akufuna referral ya opaleshoni lero lomwe. Ndimuuze chani?

Ba Sister Onco (nesi wa odwala khansa): Musathamange ba CO. Radiation siichotsa prostate, ikadalipo, ndiye PSA siifika zero ngati ya munthu wa opaleshoni. Lamulo la Phoenix, loonera ngati khansa yabwerera pambuyo pa radiation, limati nadir + 2, kwa iwowa failure iyambira pa 2.3. Komanso jekeseni anasiya kaili, testosterone ikubwerera, PSA imakwerako. Yezani testosterone, PSA mubwereze pakatha miyezi 3 pa lab yomweyo, osasinthasintha. Funsaninso za UTI (matenda a m'njira ya mkodzo) kapena catheter, nazonso zimakwezako PSA.

Mdala wa ku Theatre: Ine ndimanena tsiku ndi tsiku, prostate ichotseni. Ikachoka PSA zero, nkhani yatha.

RTT (wopereka radiation) wa pa Linac (makina a radiation): Ba mdala, study ya ProtecT ya ku UK inali ndi amuna 1,643, zotsatira za zaka 15 zinatuluka mu 2023, pafupifupi 97% sanafe ndi khansayi kaya anachita opaleshoni, radiation kapena kungowayang'anira. Koma awo anali localised (khansa isanafalikire) opezeka msanga, athuwa ambiri amafika msana ukuwawa kale, khansa itafalikira. 

Mdala wa ku Theatre: Za ku UK izo. Ichotseni.

Ba Sister Onco: Kuchotsa prostate yowotchedwa kale si masewera ba mdala, minofu imakhala itauma, rectum ili pompo, ambiri amatsala akudontha mkodzo. Koma ba CO musawauzenso kuti achira. Tinali ndi bambo wina anamva "PSA ili bwino" basi anapita kumudzi osabweranso, tinadzawaona ali pa wheelchair. Akadandaula za msana kapena miyendo kufooka musadikire miyezi 3, atumizeni tsiku lomwelo.

Mdala wa ku Theatre: Akanachotsa poyamba sitikanavutika chonchi.

RTT wa pa Linac: Ba CO, nanga Gleason yawo (mulingo wa ukali wa khansa pa biopsy) inali chani? Simunatiuze.