Thandizeni, timu yanga ya anthu a zikhalidwe zosiyana sikumvana

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikuyang'anira timu ya anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, timagwira ntchito pa intaneti koma zinthu sizikuyenda. Anzathu aku Netherlands amalankhula mosapsatira, ntchito ikalakwika amanena pa miting pomwepo, pamene anzathu aku Japan kudzudzulidwa pagulu amakuona ngati kuchititsidwa manyazi ndiye amangoti chabwino nkuzimitsa kamera, kenako osayankhulanso mpaka miting kutha. Ndayesa kucheza nawo mmodzimmodzi, ndinalembanso malamulo a kalankhulidwe pa Zoom, a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito) nawo analowererapo koma zimangosintha kwa kanthawi basi. Sindikufuna kuti wina asiye chikhalidwe chake ayi. Inu amene munayendetsapo timu yotere, mumatani kuti aliyense azimasuka kunena maganizo ake popanda wina kumva kuti wanyozedwa?